Funsani Amakaniko: Jaguar E-Type, Manambala Ake ndi Dzimbiri Lake

Mwezi uno tasankha makalata okhudza galimoto imodzi, Jaguar E-Type. Inaonetsedwa koyamba ku Geneva mu March 1961, inkapangidwa ku Browns Lane mumzinda wa Coventry, ndipo pamene inkasiya kupangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1970 n'kuti zitatuluka zopitirira pang'ono 72,000. Mafunso tawafupikitsa.

FUNSO: Munthu wina kuno akugulitsa E-Type yofiira, yopanda denga, ya 1962, chiwongolero kumanja. Akulumbira kuti zonse ndi zimene inatuluka nazo ku fakitale. Nambala ya chasisi ikuyamba ndi 877. Nditsimikiza bwanji? (Bambo wa ku Leicester)

YANKHO: Bambo, nambala mwatiuzayo yayankha kale theka la funso lanu. Pa E-Type za injini ya malita 3.8, zomwe zinapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1964, kampani inagawa manambala m'magulu anayi. Zopanda denga za chiwongolero kumanja zimayambira pa 850001, zopanda denga za chiwongolero kumanzere pa 875001, zadenga za kumanja pa 860001, zadenga za kumanzere pa 885001. Ndiye 877 ndi galimoto imene inabadwa ndi chiwongolero kumanzere. Mwachidziwikire inagulitsidwa ku America, kumene E-Type zambiri zinkapita, kenako wina anaibweza ku Britain n'kusamutsa chiwongolero. Kusamutsako si mlandu, ndipo kukachitidwa bwino galimoto imayenda bwinobwino. Koma zopanda denga za 3.8 zobadwa ndi chiwongolero kumanja sizinafike n'komwe 1,000, pomwe za kumanzere zinaposa 6,000, n'chifukwa chake mitengo yake imasiyana. Wogulitsayo mwina sakudziwa, mwina akudziwa. Inu musalipire mtengo wa gulu loyambalo.

Tsopano manambala enawo. Mukatsegula boneti, kumanja chapansi mupeza kapuleti kokhomedwa ndi mariveti, kolembedwa manambala anayi: a chasisi, a injini, a bodi ndi a giyabokosi. Kapuleti kameneka musakadalire kwambiri. Tatsopano tosalemba kanthu timagulitsidwa motchipa, ndipo aliyense wokhala ndi nyundo ndi zidindo angathe kukhomapo zimene akufuna. Chofunika n'kuyerekeza zolembedwa pa kapuletiko ndi zodindidwa pa zitsulo zenizeni. Nambala ya chasisi inadindidwa pa chitsulo chopingasa chakutsogolo, chimene amakaniko a ku Britain amachitcha picture frame, pamwamba pa pomangira shoko yakumanja. Nambala ya injini ili pawiri: pa buloko, pamwamba pa fyuluta ya oyilo, ndi pa silinda hedi, kutsogolo pafupi ndi pulagi yoyandikana ndi radiyeta. Ya 3.8 imayamba ndi R kapena RA, n'kuthera ndi -9 kapena -8, kusonyeza kompresheni. Mukaona 7E, imeneyo ndi injini ya 4.2 ya kuyambira kumapeto kwa 1964, yosayenera kupezeka m'galimoto ya 1962. Giyabokosi ya 3.8 ndi ya Moss, nambala yake imayamba ndi EB, ndipo mudzaizindikira ngakhale osayang'ana nambala: giya yoyamba ilibe synchromesh (kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta), imalira, ndipo imakukuta mukailowetsa galimoto isanaimiretu.

Tengani tochi, kansalu ndi palafini pang'ono. Pukutani pamalopo, muunike chammbali osati molunjika. Manambala a ku fakitale ankadindidwa ndi manja, choncho sakhala pamzere wowongoka bwino. Mukaona pamalopo pali posalala ngati galasi, kapena palowa pang'ono kusiyana ndi pozungulira, kapena pali timizere ta gilayinda, ndiye kuti wina anafufuta n'kudindanso. Kusowa kwa nambala pa picture frame pakokha sikutanthauza chinyengo, chifukwa chitsulochi chimasinthidwa galimoto ikagunda kutsogolo. Koma funsani kuti inagunda liti, ndipo anakonza ndani.

Chomaliza ndi satifiketi ya Jaguar Daimler Heritage Trust, bungwe limene limasunga mabuku a fakitale ku Gaydon, m'dera la Warwickshire. Imatchula manambala onse, tsiku lopangidwa, tsiku lotumizidwa, mtundu wa penti, mtundu wa zikopa zam'kati ndi wogulitsa amene anailandira. Dziwani chinthu chimodzi chimene ambiri amaphonya: satifiketiyi imanena za galimoto imene inatuluka ku Browns Lane ndi nambala imeneyo. Sinena kuti galimoto imene yaima patsogolo panuyo ndi yomweyo. Kulumikiza ziwirizi ndi ntchito ya maso anu ndi mapepala: V5C (chikalata cholembetsera galimoto ku boma la Britain), buku lakale la galimoto ngati lilipo, mapepala a MOT (kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka ku Britain) osonyeza mtunda umene yayenda, malisiti a magalaja, kalata ya umwini ya ku America ndi umboni woti inalowa mwalamulo ku Britain. Pamene pali mpata wa zaka 20 wopanda pepala lililonse, pamenepo ndi pofunsa mafunso ambiri.

FUNSO: Ndimamva anthu akutchula flat floor. N'chiyani, nanga n'chifukwa chiyani imadula? (Wowerenga wa ku Durban)

YANKHO: Ndi E-Type zoyambirira, za 1961 mpaka kumayambiriro kwa 1962, zimene pansi pake poponda mapazi panali pathyathyathya. Madalaivala aatali anadandaula, kampani n'kuyamba kupanga pansi polowa ngati beseni. Zoyambirira zenizeni, pafupifupi 500, zilinso ndi maloko a boneti kunja. Kunena zoona, ndi galimoto yovuta kukhalamo kuposa zotsatira zake, koma osonkhanitsa magalimoto akale amalipira kusowa kwa chinthu, osati kukoma kwa mpando. Poti pansi pathyathyathya ndi maloko akunja zimatheka kuikidwa pa galimoto ya 1963, yambani ndi nambala ya chasisi ndi tsiku la pa satifiketi.

FUNSO: Tapeza E-Type yadenga ya 4.2, ya 1965, imene yakhala m'shedi zaka zoposa 20. Penti ikuoneka yabwino koma zitseko zikugwa pang'ono potsegula. Tiyambire pati, ndipo wowotcherera wamba angaikwanitse? (Mayi wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mayi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chitseko chogwa chingakhale mahinji otha basi, koma pa E-Type nthawi zambiri ndi chizindikiro choti sill, chitsulo cha pansi pa chitseko, yawola.

Muyambe mwamvetsa mmene galimotoyi inamangidwira. Ilibe chasisi yapayokha ngati ya lole. Kuchokera pa khoma lolekanitsa injini ndi okwera, lija amati bulkhead, kubwerera m'mbuyo, bodi yeniyeniyo ndiyo imanyamula zonse. Mphamvu yake ili m'ma sill, mabokosi awiri aatali a chitsulo amene ali pansi pa zitseko, ndiponso mumtunda wapakati momwe mumadutsa puropela shafiti. Kutsogolo kuli mafelemu a timapaipi ta makona anayi omangidwa ndi mabawuti pa bulkhead, ndipo ndi amene amanyamula injini, sasipenshoni ndi boneti.

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi, jambulani zithunzi zambirimbiri: manambala onse, mawaya, tizikwangwani, zolemba za choko kapena kirayoni kuseri kwa mapanelo, penti yakale pansi pa kapeti ndi kuseri kwa dashibodi. Zimenezi ndi umboni wa mbiri ya galimotoyo, ndipo makina opalira dzimbiri amazifafaniza m'mphindi zochepa. Chilichonse chomasulidwa chilowe m'kathumba kolembedwa dzina ndi mbali yake. Chimene mwasintha musataye, ngakhale chitaoneka ngati cha kudzala.

Kenako fufuzani dzimbiri. Ikwezeni pa lifiti, koma osaika jeki pansi pa sill kapena pa timapaipi takutsogolo. Gogodani sill yonse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodzaza fila (phala lomatira mabowo ndi zotiwizika) chimangoti phu. Onani kumapeto kwa sill kuseri kwa tayala lakutsogolo, pansi poponda mapazi, m'buti momwe mumakhala tayala lapadera, pansi pa thanki, m'munsi mwa zitseko, ndi m'mizere ya boneti momwe mwadutsa timikanda ta kuromu. Malo oopsa kwambiri ndi pomangira ma radius arm, timikono tiwiri timene timachokera ku mawilo akumbuyo n'kudzagwira pansi pa bodi kuseri kwa mipando. Pakawola pamenepo, kamkono kangazuke galimoto ili pa liwiro. Maginito amathandiza kupeza fila, koma kumbukirani kuti ku fakitale ankasalaza molumikizira mapanelo ndi mtovu, womwenso sugwira maginito. Ndiye maginito akakana pamzere wolumikizira, musafulumire kutukwana amene anakonza kale. Akakana pakati pa chitseko, pamenepo mutha kudandaula.

Mafelemu akutsogolo ali ndi lamulo lawolawo. Anapangidwa ndi chitsulo cha Reynolds 531, chopyapyala, cholumikizidwa ndi buronzi pa moto wochepa. Mukachiwotcherera ndi aki kapena MIG chimauma n'kuyamba kuthetheka pambali pa chowotchereracho. Felemu yosweka, yopindika kapena yodyeka imasinthidwa, sikonzedwa. Imawola kuchokera m'kati, makamaka yakumanzere pansi pa batire pomwe asidi amadontha. Mukaimasula igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva zinyenyeswa zikuyenda m'kati, yatha.

Za wowotcherera: funso si loti ndi wamba kapena ayi, koma ngati ali ndi jigi (felemu yogwirira bodi kuti isapotoke) ndiponso kuleza mtima. Asanadule sill, awotcherere mipiringidzo yopingasa pakhomo la chitseko ndi ina yodutsa m'kati mwa bodi kuti isapotoke. Achite mbali imodzi n'kumaliza asanakhudze inayo. Mahinji akonzedwe kaye, zitseko zikhale pamalo pake, chifukwa sill yatsopano imatsatira chitseko, osati chitseko kutsatira sill. Mpata wa mamilimita 4 kuzungulira chitseko ndi wabwino, bola ukhale wofanana ponseponse. Chitsulo cha mapanelo n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, choncho awotcherere timadontho motalikirana, kudikira pazizire, kenako n'kudzaza mipata. Akathamanga mzere umodzi wautali, panelo limachita mafunde ndipo mudzalisalaza ndi fila wa makilogalamu. Mapanelo atsopano amapezeka, mwachitsanzo kwa Martin Robey ku Nuneaton kapena SNG Barratt ku Bridgnorth, koma palibe limene limangolowa osadulidwa kapena kusulidwa pang'ono.

Boneti ndi nkhani ina. Ndi gawo lalikulu la galimoto yonse, ndipo iliyonse inkasemedwa kuti igwirizane ndi bodi yake. Yatsopano imadya masiku ambiri kuti ikhale bwino, choncho yakale ikakhala yopulumutsika, ipulumutseni. Osaipala ndi mchenga wamphamvu, imapindika ndi kutentha. Chitsulo chikangoyera, chipoperedwe epoxy primer tsiku lomwelo, ndipo penti ikatha, m'ma sill ndi m'zitseko mupoperedwe phula loteteza dzimbiri. Boneti, zitseko, mabampa ndi magalasi a nyali ziyesedwe pa galimoto penti isanapoperedwe. Kupeza kuti bampa sikukwana penti itauma kale ndi kulira kwa mwini ndi wopenta yemwe.

FUNSO: Injini ya galimoto yokhalitsa chonchi, kodi tingangoika batire ndi petulo n'kuyesa kuiliza? (Mayi yemweyo)

YANKHO: Ayi, chonde. Injini ya E-Type, yotchedwa XK, ili ndi makamushafiti awiri pamwamba, ndipo valavu imodzi ikakhala yomatirira chotsegula, pisitoni imaimenya n'kuipinda pa kuzungulira koyamba. Chotsani mapulagi onse 6, thirani oyilo wopepuka masupuni awiri m'silinda iliyonse, mudikire masiku angapo. Vundukulani makava a makamushafiti, muwathire oyilo, kenako muzungulitse injini ndi dzanja pa bawuti ya pule yakutsogolo, pang'onopang'ono, mukuyang'ana ngati kabakete kalikonse ka valavu (kachitsulo kovindikira valavu, kamene kamu imakankha) kakubwerera m'mwamba. Ikalimba, imani, osakakamiza ndi paipi yaitali.

Ikazungulira bwino, khetsani oyilo wakale, sinthani fyuluta, thirani oyilo wa 20W-50 pafupifupi malita 8.5. Tsukani thanki, sinthani mapaipi a rabara, mumasule makabureta atatu a SU HD8 n'kusintha ma diaphragm (timarabara topyapyala) a pansi pa jeti, omwe amauma n'kumadontheza petulo. Mapointi akhale pa 0.015 ya inchi, mapulagi pa 0.025. Moto umayenda 1-5-3-6-2-4, koma apa ndi pamene amakaniko ozolowera magalimoto a ku Japan amagwa: pa Jaguar silinda nambala 1 ndi yakumbuyo, yoyandikana ndi bulkhead, nambala 6 ndiyo ili ku radiyeta. Zungulitsani ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka puresha ya oyilo ioneke. Ikatentha iyenera kupereka pafupifupi 40 psi pa 3,000 rpm, ndipo muyeze ndi geji yapaipi, chifukwa ya magetsi ya pa dashibodi imanama kawirikawiri. Kompresheni isasiyane kupitirira 10 peresenti pakati pa masilinda.

Mukafika poiphwasula yonse, pali zinthu zitatu zosayenera kudumpha. M'kati mwa kirankishafiti muli timabowo totsekedwa ndi mapulagi achitsulo (osati a moto) momwe mumaunjikana matope a oyilo. Atsegulidwe, atsukidwe, apo ayi matopewo adzatsekula okha n'kupha mabering'i atsopano. Timachubu totsogolera mabakete a mavalavu a ekizozi timasunthira m'mwamba injini ikatenthapo kwambiri, kamu n'kumatimenya, ndiye timangidwe ndi timapuleti topanikizira. Chachitatu, kilatchi isinthidwe ngakhale ikuoneka yabwino, popeza pa E-Type simungaifikire osatulutsa injini ndi giyabokosi. Hedi imamangidwa pa 54 lb ft, kuyambira pakati kupita kunja. Pa makamu oyambirira mpata wa mavalavu ndi 0.004 ya inchi kolowera ndi 0.006 kotulukira, injini ili yozizira, koma onetsetsani kaye kuti makamu ndi akewo, chifukwa a zaka zam'tsogolo amafuna mpata wokulirapo. Unyolo wa taimingi ukamasulidwa hedi ili pamalo pake, osazungulitsa kamu kapena kiranki payokha.

Gulaninso masipanala a mainchi. Sipanala ya 13 pa nati ya theka la inchi imaoneka ngati yagwira, kenako nati yasanduka yozungulira. Batire ya 4.2 imamangidwa negetivu ku bodi, ya 3.8 yosasinthidwa ndi pozitivu ku bodi.

FUNSO: Yanga ndi 3.8, imayenda, koma ikaima pamzere wa magalimoto mu October singano ya kutentha imakwera, ndiponso m'galaja mumanunkha petulo. Buleki ya dzanja nayo ndi dzina chabe. (Achimwene a ku Blantyre)

YANKHO: Achimwene, fani ya 3.8 ndi kampeni ka mapiko awiri kamene ngakhale ku Coventry kankangokwanira movutikira. Koma musanagule fani yamphamvu, tsukani njira za madzi. Radiyeta ipite kokatsegulidwa kapena kuikidwa pakati patsopano, ndipo buloko itsukidwe mutachotsa ma core plug (zitsekerero za njira za madzi pa buloko), poti matope amaunjikana kumbuyo, cha ku silinda nambala 1. Onani themositati: yoyenera ili ndi kamkombero kamene kamatseka njira yachidule ya madzi injini ikatentha. Mukaika wamba, kapena kuichotseratu monga ambiri amachitira kuno, madzi ena amangozungulira m'injini osadutsa mu radiyeta. Thirani kulanti, osati madzi a pampopi okha. Kuno madzi saundana, n'zoona, koma hedi ndi ya aluminiyamu, buloko ndi ya chitsulo, ndipo popanda mankhwala oletsa dzimbiri hedi imadyeka m'njira za madzi. Taimingi yochedwa ndi petulo wochepa m'makabureta nazonso zimatenthetsa. Zonsezi zikakhala bwino, ikani fani yamakono pa mabowo omwewo osaboola ena, yakaleyo muisunge m'bokosi.

Fungo la petulo: wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amadya rabara wakale n'kumakoka chinyezi m'thanki. Mapaipi onse a rabara akhale a muyezo wa SAE J30 R9, ma diaphragm ndi timasingano ta m'mabakuli a kabureta zikhale zopirira ethanol. Onaninso pansi pa thanki m'buti, momwe madzi amakhala n'kuboola timabowo ngati ta singano. Owerenga a ku Britain, kumene E10 (petulo wa ethanol wofika 10 peresenti) inakhala petulo wamba mu September 2021, angosankha E5 ya super, ya ethanol wochepa.

Buleki ya dzanja imalephera chifukwa madisiki akumbuyo ali m'kati, pambali pa difu, osati ku mawilo. Masilo a difu akayamba kudontha, oyilo amagwera pa madisiki n'kunyowetsa mapadi. Kusintha mapadi okha n'kutaya ndalama. Muyenera kutsitsa chikhola chonse cha sasipenshoni yakumbuyo, n'kuchitiratu zonse kamodzi: masilo, madisiki, makalipa, majointi ndi marabara anayi onyamula chikholacho. Poti mudzakhala mukuchotsa mawilo, kumbukirani kuti zomangira zake zamapiko zimamasukira kutsogolo kwa galimoto mbali zonse ziwiri, ndipo muone timano ta pa habu: tikakhala tosongoka ngati mpeni, tatha, ndipo ndi timene timagogoda ponyamuka.

FUNSO: Buloko ya injini yanga inasweka ndipo ndapeza ina. Makaniko akuti angathe kudindapo nambala yakale kuti zigwirizane ndi satifiketi. Ndikufunanso kusintha penti kuchoka ku imvi kupita ku yofiira. (Bambo wa ku Birmingham)

YANKHO: Kudindako kukaneni, bambo. Tsiku logulitsa, kumeneko kudzatchedwa chinyengo, ndipo wodziwa akazindikira chidindo chimodzi chabodza amayamba kukayikira galimoto yonse, ngakhale zimene zili zoona. Ikani buloko inayo ndi nambala yake, dziwitsani DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto ku Britain, kuti V5C isinthidwe, ndipo yoswekayo muipake oyilo n'kuisunga. Ming'alu yambiri ya buloko imasokedwa ndi timapini ta chitsulo popanda moto, ndiye muionetse kaye kwa odziwa ntchito imeneyo musanaiweruze.

Penti ndi yanu, palibe angakuletseni. Kungoti E-Type zofiira zachuluka kuposa zimene Coventry inapenta, ndipo ogula ambiri masiku ano amafuna mtundu wolembedwa pa satifiketi. Ngati imvi yanuyo ndi Opalescent Gunmetal kapena Opalescent Silver Grey, ife tikanaisiya. Mukalimbikira zofiira, jambulani penti yakale musanapale, musiye kachigawo kake kosakhudzidwa kuseri kwa dashibodi, ndipo lisiti ya wopenta ilowe m'faelo limodzi ndi mapepala enawo.